Cholembera chikhale pati mu fayilo ya mphete? Njira zimene ndaziyesa kuno ku Chigwa cha Shire

Aliyense amene ntchito yake imamuyendetsa ndi fayilo m'khwapa, kaya ndi mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi, mlangizi wa zaumoyo, mlembi wa banki m'khonde kapena mlembi wa mpingo, amadziwa manyazi ofika pa msonkhano wa pansi pa mtengo, anthu atakhala kale chete kudikira kuti mayina awo alembedwe, iye n'kuyamba kupapasa m'matumba kufunafuna cholembera chimene ananyamuka nacho m'mawa. Ine ndakhala ndikulemba alimi m'kaundula kwa zaka zingapo m'madera a Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ndipo pa nthawi imeneyi ndayesa pafupifupi njira zonse zimene anthu amasungira zolembera ndi tinthu tina ting'onoting'ono m'kati mwa fayilo. Ndiziyerekeza njirazi potengera nyengo ya kuno, chifukwa chinthu chimene chimakhala zaka mu ofesi yozizira ku Blantyre chikhoza kutha ntchito m'mwezi umodzi chikangotsika mapiri n'kudutsa pa Thabwa, makamaka mu October ndi November pamene kutentha kumapitirira madigiri 40.

Tisanafike pa timatumba ndi tizingwe, pali nkhani ya mabowo, ndipo ndi imene yatayitsa anthu ambiri ndalama. Mafayilo ambiri amene timagula m'masitolo a zolembera muno m'Malawi ali ndi mphete ziwiri zotalikirana mamilimita 80, motsatira muyeso wotchedwa ISO 838, umene umayendera limodzi ndi pepala la A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Panchi ya mu ofesi iliyonse imaboola motero, ndipo si zachilendo kuti zili choncho, pakuti fayilo ya mphete ndi panchi zonse zinachokera ku Germany, kumene Friedrich Soennecken wa ku Bonn anazitulukira mu 1886. Mafayilo a mphete zinayi nawonso amasiya mamilimita 80 pakati pa mphete ndi inzake, choncho kathumba ka mabowo anayi kamalowa bwinobwino mu fayilo ya mphete ziwiri, pa mabowo ake awiri apakati. Ku America ndi ku Canada n'kosiyana: mafayilo awo ali ndi mphete zitatu zotalikirana mamilimita 108. Timatumba tokongola ta zipi timene timapezeka pa kaunjika, nthawi zina m'kati mwa zikwama za ana a sukulu, tambiri ndi ta mabowo atatu amenewa, ndipo palibe mabowo awiri mwa atatuwo amene angakumane ndi mphete za fayilo yanu. Amene amakagula zinthuzi ku Limbe kapena pa msika wa Ngabu ayenera kutenga pepala limodzi loboola kale m'thumba, n'kulisanjika pa kathumbako asanapereke ndalama.

Nkhani yachiwiri ndi ya malo. Phukusi la mapepala 500 a fotokope limanenepa pafupifupi masentimita 5, kutanthauza kuti mapepala 10 amatenga milimita imodzi. Cholembera wamba chonga BIC Cristal chimanenepa pafupifupi mamilimita 8, ndiye kuti chikagona m'kati mwa fayilo chimadya malo a mapepala 80, pamene fayilo ya mphete za mamilimita 25 imanyamula mapepala pafupifupi 200 basi. Chinanso n'chakuti fayilo yosadzaza ikatsekedwa imakhala yonenepa ku msana ndi yopyapyala kukamwa kwake, kotero malo opanda kanthu ali pafupi ndi mphete. Kathumba kalikonse kamene kamalola zinthu kutsetserekera kukamwa kamachititsa kuti chikuto chiyasame, kenaka n'kupindika kapena kung'ambika pa msoko. Pa njira iliyonse imene ndikambe m'munsimu, ndimayang'ana kaye ngati imagwira cholembera pafupi ndi msana wa fayilo.

Njira zosagula n'zimene tonse timayambira. Ena amakoleka cholembera pa chikuto ndi kachitsulo kapena kapulasitiki ka pa chivindikiro chake, koma pa kabaza kapena pa njinga yamoto, mumsewu wa mabampu, chimene chimatsala pa chikuto ndi chivindikiro chokha, cholembera chitagwa kalekale. Ena amachilowetsa m'kati mwa mphete momwemo, motsatira msana. Apa malo ndi oyenera ndipo sichidya mpata wa mapepala, koma chimapulumuka fayilo ikangopendekeka, ndipo chikakhala chonenepa chimakankha mphete mpaka milomo yake kusiya kukumana bwino. Mphete zikaphonyana ngakhale pang'ono, pepala lililonse limene mukutembenuza limakodwa pamenepo n'kung'ambika bowo, ndipo fayilo yotero yatha ngakhale chikuto chikuoneka chatsopano. Kathumba ka m'kati mwa chikuto, kamene mafayilo ena amabwera nako, anakapangira mapepala awiri kapena atatu. Mukakazolowetsa cholembera kamatanuka, kenaka kamang'ambika pa ngodya, ndipo sikagwiranso ngakhale mapepalawo.

Pali kalupu, kamkombero ka lasitiki kolowetsamo cholembera, komata ndi guluu, kamene makampani ena opanga mabuku olembamo, monga Leuchtturm1917, amagulitsa padera. Mumachotsa pepala la kuseri, n'kukamata m'mphepete mwa chikuto, ndipo cholembera chimakhala kunja, osatenga malo a pepala ngakhale limodzi. Maganizo ake ndi abwino, ndipo kwa munthu amene fayilo yake imangoyenda kuchoka pa shelefu kupita pa tebulo, kalupuka n'kokwanira. Vuto ndi guluu. Guluu wa mtundu umenewu amafewa kukatentha, fumbi n'kulowa pansi pake, ndipo pa chikuto cha pulasitiki woterera samagwira kwenikweni kuyambira pachiyambi. Kamene ndinagula ine, kopanda dzina lililonse, kanakhala masabata atatu, ndipo ndinakapeza katamatirira pa fomu ya mlimi wina pamodzi ndi cholembera chake. Amene akukafunabe akasoke ndi ulusi kapena akamenye sitepula, asadalire guluu. Komanso kamanyamula cholembera chimodzi chokha, zina zonse n'kukhalabe zosowa malo.

Lamba wa lasitiki wozungulira chikuto, wokhala ndi timipata tolowetsamo zolembera, amaposa kalupu chifukwa sadalira guluu kapena mabowo, ndipo mukhoza kumusamutsa pa fayilo iliyonse. Amathandizanso kutseka fayilo kuti mphepo ya pa dambo isaulutse mapepala. Koma lasitiki ndi dzuwa siziyanjana. Akakhala pa dzuwa miyezi ingapo amatanuka osabwereranso, ndipo timphira tating'ono tomangira ndalama timachita kusungunuka n'kumatirira pa pepala, kusiya mzere wofiirira. Anzathu ambiri amangodula mphira wa chubu cha njinga, yemweyo womangira katundu pa keliyala, n'kumangira fayilo, cholembera n'kuchipanikiza pansi pake. Mphira wa chubu amapirira kwambiri kuposa lasitiki wa m'sitolo, ndipo ndimamulemekeza, ngakhale kuti amadetsa chikuto ndi malaya oyera, ndipo si chinthu chimene munthu angakonde kuchitulutsa pa tebulo pa msonkhano wa ku khonsolo. Kufooka kwa njira zonse ziwiri n'kwakuti cholembera chili kunja, pa dzuwa, ndiponso pa maso pa aliyense wofuna kubwereka.

Tsopano tifike pa timatumba tolowa m'mphete, pamene pali mpikisano weniweni. Koyamba ndi ka pulasitiki woonekera, kotseka ndi kazipi kotsetsereka. Ubwino wake ndi woonekeratu: mumaona zimene zili m'kati musanatsegule, n'kopyapyala, mtengo wake ndi wotsika, ndipo cholembera chikaphulika inki imathera m'kati momwemo osafika pa mapepala. Mfundo yomalizayi si yaing'ono kuno. Inki ya bolopeni ndi ya mafuta ndipo ndi yolimba, koma kukatentha imasungunuka n'kuyamba kuyenda yokha, makamaka cholembera chikakhala nthawi yaitali nsonga itayang'ana kumwamba, mpweya n'kulowa ku nsongako. Amene anaonapo kaundula wa mudzi wathunthu atathimbirira ndi inki ya buluu sanganyoze kathumba ka pulasitiki.

Komabe si pulasitiki yense amene ali wofanana, ndipo apa m'pofunika kudekha pogula. Pali wofewa, wonyezimira, wa fungo ngati la mpira watsopano wa ana, wotchedwa PVC, amene pa chizindikiro cha ngodya zitatu amalembedwa nambala 3. Kuti afewe chonchi amathiramo mankhwala a mafutamafuta amene amatuluka pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutulukako. Zilembo za fotokope si inki yolowa m'pepala, koma ndi ufa wa pulasitiki umene makina amausungunula n'kuumata pamwamba pa pepala, choncho mankhwala aja akaufika amaufewetsa, zilembo n'kusamuka pa pepala kupita pa kathumba. Ndinazindikira zimenezi tsiku limene ndinatsegula fayilo imene inakhala mlungu wathunthu m'chipinda cha malata chosatsegula mazenera: tsamba loyamba la ndandanda ya mayina linachita kumatuka ndi phokoso, ndipo theka la mayinawo linatsala pa kathumba, lolembedwa chobwerera ngati pa galasi. Pulasitiki wina, wolimbirako, wosanunkha, wochita phokoso ngati pepala mukamupinda, ndi polypropylene, wa nambala 5, ndipo iyeyu sanyamula zilembo. Ndi yemweyo amene amapangira timapepala toonekera tolowetsamo masatifiketi, timene tambiri tili ndi mabowo 11 kuti tilowe mu fayilo ya mphete ziwiri, zitatu kapena zinayi. Mukapeza kathumba ka zipi ka pulasitiki ameneyu, ka mabowo ambiri chonchi, mwapeza kabwino koposa mwa timatumba ta pulasitiki. Ngati kamene muli nako ndi ka PVC, ikani chikatoni chopyapyala pakati pa iko ndi tsamba loyamba.

Ngakhale kabwinoko kali ndi malo awiri ofooka. Oyamba ndi kazipi, kamene sikali ndi mano koma timizere tiwiri tolowana; fumbi la mwezi wa September likadzaza m'timizeremo sikatsekanso, ndipo mukakakamiza, kotsetsereka kaja kamathothoka. Achiwiri ndi mabowo. Mu fayilo ya mphete ziwiri, kathumba kotalika masentimita 25 kamalendewera pa malo awiri oyandikana, otalikirana masentimita 8 okha, ndiye kulemera konse kwa zinthu za m'kati kumagwedezekera pa mabowo awiriwo ulendo wonse. Pepala silivutika motero chifukwa ndi lopepuka ndipo limapanikizika ndi anzake, koma kathumba kolemera kamacheka mabowo ake mpaka kuduka. Amene ali ndi fayilo ya mphete zinayi vutoli saliona kwenikweni, popeza kulemera kumagawikana pa mtunda wa masentimita 24. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene ndimalimbikitsira anthu oyendayenda kugula fayilo ya mphete zinayi akaipeza, ngakhale kuti panchi yake ndi yosowa ndipo pamafunika kuboola kawiri.

Kathumba ka nsalu ka m'sitolo kapena ka pa kaunjika, kokhala ndi zipi ya mano ndi tizitsulo tozungulira mabowo, n'kolimba kuposa ka pulasitiki pa zonse ziwirizi. Zipi ya mano ikalimba ndi fumbi mumangoipukuta n'kuipaka kandulo kapena nsonga ya pensulo, n'kuyambanso kuyenda. Tsoka lake ndi lija ndatchula kale, lakuti kawirikawiri ndi ka mabowo atatu. Ena amaboola mabowo ena awiri ndi msomali wamoto, ndipo zimatheka, chifukwa nsalu yake ya nayiloni imasungunuka m'mphepete mwa bowo osasasuka ulusi. Koma mabowo atsopanowo alibe tizitsulo, ndipo amakula msanga. Timatumba tambiri totere tilinso ndi zenera la pulasitiki wofewa kutsogolo, lomwe ndi PVC yemwe uja, choncho zenera limenelo liyang'ane ku chikuto, osati ku mapepala.

Kamene ndakhala nako nthawi yaitali kuposa tonse ndi kosoketsa kwa telala, ndipo ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ubwino wake wonse uli m'malangizo amene mungawapatse a telalawo. Nsalu yabwino ndi ya buluku la jinzi lakutha; chitenje n'chokongola koma nsonga ya pensulo imachiboola, pokhapokha chikhale chakunja chabe. M'kati auzeni aike nsalu ya ambulera yothyoka kapena ya lenikhoti yakale, chifukwa popanda imeneyi nsalu imamwa inki n'kuipititsa ku mapepala, ndipo pamenepa ka pulasitiki kakanakuposani. Mbali ya mabowo aisoke ngati mpendero wa masentimita atatu, n'kulowetsamo kapulasitiki kolimba kodula ku chigubu cha mafuta ophikira kapena ku chikuto cha fayilo yakale, kotalika mofanana ndi kathumbako. Kapulasitiki kameneka ndiko kamathetsa vuto la kulendewera, popeza kamagawa kulemera m'mbali yonse. Mabowo akhale otalikirana mamilimita 80 kuyeza kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake, akhale mamilimita 12 kuchokera m'mphepete, ndipo akule mamilimita 6. Musangotchula manambala, koma asiyireni pepala loboola kale kuti ayezere. Tizitsulo ta m'mabowo timapezeka kwa osoka nsapato, koma tambiri ta nsapato ndi tating'ono kuposa mamilimita 6 ndipo timakakamira pa mphete. Mukalephera kupeza tokulirapo, a telala asoke mabowowo ngati a mabatani, zimene zilinso ndi phindu loti sachita dzimbiri ndi thukuta la m'manja kapena chinyezi cha m'dzinja.

Chinthu chimene sitolo iliyonse singakupatseni, koma telala angathe, ndi timipata ta zolembera tosokedwa motsatira msana, pafupi penipeni ndi mpendero wa mabowo. Timipata titatu n'tokwanira, ndipo tisokedwe motseka kumunsi, kuti fayilo ikaima m'chikwama zolembera ziime nsonga zitayang'ana pansi, zili zovindikira. Mbali yotsalayo, yoyang'ana kukamwa kwa fayilo, ikhale ya zinthu zopyapyala zokha monga lula ndi timapepala. A telala amene anandisokera ine poyamba anakana, akumati kathumba kotero kakhala kosaoneka bwino, ndipo anafuna kuika zipi pakati ndi maluwa m'mbali. Titakangana mwaulemu anagonja, ndipo masiku ano aphunzitsi a sukulu yoyandikana nawo amapita kukasoketsa komweko. Kuipa kwake n'kwakuti simuona za m'kati, kamada msanga ndipo kamafuna kuchapa, komanso ngati telala sanayeze bwino ndi mamilimita awiri okha, kathumba kamakoka mphete n'kuziphonyanitsa.

Pali anzathu ena amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, munthu angogula fayilo ya zipi yozungulira, imene imabwera ndi timatumba, timalupu ndi chogwirira. Pa nkhani ya fumbi ndi kugwa kwa zinthu, palibe yoiposa, chifukwa ngakhale kanthu katachoka pa malo pake kamakhalabe m'kati. Koma zambiri zimene zimafika kuno, monga za Five Star kapena Case-it, anazipangira ana a sukulu a ku America, choncho ndi za mphete zitatu ndi pepala la Letter, lotalika mamilimita 279. Pepala la A4 ndi lalitali kuposa limenelo ndi mamilimita 18, ndipo mu zina mwa izo nsonga za mafomu zimatulukira n'kulumidwa ndi zipi. Pamafunikanso panchi ya mabowo atatu, kapena kulowetsa tsamba lililonse m'kapepala ka mabowo 11, zomwe sizingatheke kwa munthu wolemba pa mafomuwo tsiku ndi tsiku. Mukaipeza ya A4 ya mphete zinayi, ndipo thumba likulola, igulani. Timafayilo ta mphete zisanu ndi imodzi tonga Filofax tili ndi zipangizo zake zabwino, koma ndi ta ndandanda ya munthu payekha, mafomu a boma sakwanamo, ndiye sindikhalitsapo.

Fayilo yaikulu ya chotsegulira, imene m'maofesi amaitcha arch file, ndi nkhani ina. Louis Leitz anaipanga mu 1896 kuti izikhala pa shelefu, ndipo mpaka lero ntchito yake ndi imeneyo. Msana wake ndi waukulu moti cholembera chimakwana mu mpata wa pakati pa zitsulo ndi msana, ndipo kathumba kalikonse ka mabowo a mamilimita 80 kamalowamo, malinga kakhale pamwamba pa kachitsulo kopanikizira mapepala. Koma kuinyamula pa njinga n'kudzizunza, ndipo zitsulo zake zikapindika kamodzi sizikumananso.

Ndiyeno pali funso la zimene ziyenera kulowa m'kathumba, chifukwa kathumba kabwino kakhoza kuonongeka ndi katundu wolakwika. Chofufutira choyera chofewa, nthawi zambiri, chili ndi mankhwala ofewetsa omwe aja, ndipo chikagundana ndi lula kapena thupi la bolopeni kwa masiku angapo kukutentha, chimadya pulasitikiyo n'kumatirirana naye; kachikatoni kamene chimabwera nako si kokongoletsa ayi, kasiyeni pomwepo. Lezala yosongolera pensulo ikulungidwe m'pepala lake. Zolembera za inki yofufutika, monga FriXion za kampani ya Pilot, inki yake imazimiririka ikafika pa madigiri pafupifupi 60, ndipo fayilo yosiyidwa kutsogolo kwa galimoto yotseka magalasi pa Nchalo masana ikhoza kufika pamenepo. Zolembera zotere zisalembe kaundula kuno. Fulashi, SIM khadi ndi chiphaso cha unzika zimakwana m'kathumba, koma ine ndinasiya kuziikamo, chifukwa fayilo imayenda m'manja mwa anthu ambiri pa tsiku, ndipo imaiwalika pa benchi mosavuta kusiyana ndi thumba la malaya. Chidindo, kabokosi ka inki yodindira zala, sitepula ndi kabotolo ka Tipp-Ex n'zonenepa kuposa mpata uliwonse wa mu fayilo, ndipo kabokosi ka inki ndi kabotolo ka Tipp-Ex zimatha kudontha. Malo ake ndi m'chikwama. Kakyuleta yopyapyala imakwana, koma galasi lake limasweka munthu akakhalira fayilo, ndipo mafayilo amakhaliridwa ndithu pa misonkhano ya kumudzi.

Pa nkhani ya madzi ndisanamize munthu: palibe ngakhale chimodzi mwa zipangizozi chimene chimateteza mapepala. Kathumba ka pulasitiki kamasunga zolembera zouma pamene kaundula yense wanyowa, ndipo fayilo ya zipi imapirira mvula yowaza chabe. Amene amaoloka Shire pa bwato kupita ku East Bank, ku Makhanga kapena ku Muona, komanso tonse amene tinaona zimene madzi anachita m'maofesi ndi m'masukulu pa namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, tinaphunzira kulowetsa fayilo yonse mu jumbo yolimba, kuimanga kukamwa, ndi kujambula masamba ofunika pa foni. Chimene kathumba kangathandize n'kusunga pensulo nthawi zonse, chifukwa zolemba za pensulo sizisungunuka m'madzi ndipo pensulo imalemba ngakhale pa pepala lachinyezi. Inki ya bolopeni imapirirako, pamene zolembera zambiri za inki ya madzimadzi zimayenderera pepala likangonyowa.

Kusankha kwanga, mwachidule, kumatengera mayendedwe a fayilo. Kwa mlembi wa pa tebulo, kalupu kosokerera pa chikuto kapena kathumba ka polypropylene n'zokwanira, ndipo kusoketsa n'kungodzivutitsa. Kwa mphunzitsi woyenda pakati pa nyumba ndi kalasi, amene vuto lake lalikulu ndi cholembera chofiira ndi fumbi la choko, ka pulasitiki kamapukutika mosavuta kuposa ka nsalu, malinga asakadzaze. Kwa ife a pa njinga, kosoketsa kwa telala ndiko kapambana, ndipo kakhale kutsogolo kwa mapepala osati kumbuyo, chifukwa kakakhala kumbuyo tsamba limene mukulembapo limagona pa mabampu, cholembera n'kumaboola pepala.

Kathumba, ngakhale kabwino chotani, sikaletsa cholembera kupita ndi munthu amene wamaliza kusayina, osati mwakuba ayi, koma chifukwa dzanja lazolowera kulowetsa m'thumba chimene lagwira. Pa vuto ili chimene chandithandiza ndi chingwe. Ndimatenga chingwe cha nsapato chotalika ngati mkono, mbali ina ndimaimanga pa mphete ya m'munsi, ina pa thupi la cholembera, osati pa chivindikiro, n'kukulungapo selotepi kuti mfundo isapulumuke. Chingwecho chikhale chofewa ndiponso chachitali mokwanira kuti wosayina asakoke mphete, ndipo potseka fayilo ndimachipinda n'kuchilowetsa limodzi ndi cholemberacho m'kampata koyamba. Mu timipata tiwiri totsalato mumakhala pensulo ndi cholembera changa chimene sindibwereketsa, ndipo agogo akafika amene amasayina ndi chala, ndimatseka kaye fayilo, kenaka n'kutulutsa kabokosi ka inki m'chikwama, tsamba lawo lokha nditalichotsa m'mphete.